Chingwe kukwana pabowo sindiye kuti m'pamalo pake

Sabata siitha ndisanalandire foni yamtundu uwu: "Achimwene, ndagula sound card, mikisa ndinali nayo kale, koma mawu akutuluka osweka. Kapena andigulitsa yabodza?" Ndikafunsa kuti chingwe chachokera bowo liti ndipo chalowa bowo liti, kumbali inayo kumangoti zii. Kenako mwamanyazi: "Ndangolowetsa pomwe chinakwana."

Pomwe chinakwana! Pa zaka zomwe ndakhala ndikujambula makwaya ndi oimba muno mu Mzuzu, zipangizo zimene zafa chifukwa cha mawu awiriwa n'zambiri kuposa zimene ndaona zitapsa ndi mphenzi.

Ndiyambe ndi funso limene ambiri simulikonda. Mikisayo, chipangizo chosakaniza mawu a maiki angapo, mukuifuniranji? Interface, imene timangoitcha sound card, kabokosi kolowetsa mawu mu kompyuta, ili kale ndi preamp yake yokweza mawu a maiki. Ngati mumajambula munthu mmodzi akuimba pa biti ya mu pulogalamu ya FL Studio, maiki ilowe mu interface mwachindunji, masipika achokere kumbuyo kwake, nkhani yatha. Mikisa yoikidwa pakati imangowonjezera kaphokoso ndi zingwe zoti zikusokonezeni. Chifukwa chake ndikuchidziwa: kasitomala akaona mabatani mbwee amakhulupirira kuti walowa mu situdiyo yeniyeni. Chabwino, iyikeni pathebulo, timagetsi take tiziwala, anthu azijambulitsa nayo zithunzi. Koma mawu asadutsemo.

Mikisa imakhala ndi ntchito pamene zoimbira zachuluka kuposa mabowo a interface. Focusrite Scarlett 2i2 ili ndi olowetsera awiri okha, ndiye kwaya ya maiki sikisi ndi kiyibodi singakwanemo. Apo mikisa ilowe ndithu, bola mudziwe kuti chimene chasakanizika mmenemo chili ngati mchere wolowa mu ndiwo. Alto akapambana anzake, mawa simungamutsitse yekha. Kanzeru kamene ndimachita ndi kopotoza pan (batani lokankhira mawu kumanzere kapena kumanja) ya wotsogolera nyimbo kumanzere mpaka kumapeto, ena onse kumanja, kuti mu kompyuta afike pa mizere iwiri yosiyana.

Tsopano pamene pagona nkhani. Maiki imatulutsa mphamvu yochepetsetsa, ndipo ntchito ya preamp ndi kuikweza kambirimbiri. Chotuluka pa Main Out, potulukira mawu onse a mikisa, chakwezedwa kale, chili pa line level, imene pa zipangizo zambiri ndi +4 dBu, kutanthauza volti imodzi ndi kachidutswa. Bowo la kutsogolo kwa interface limalandira mitundu iwiri ya mapulagi, XLR ndi jeki yomwe, ndipo apa m'pamene anthu amapusitsika. Pa ma interface ambiri ang'onoang'ono, mukalowetsa XLR ija ya mano atatu mawu amapita ku preamp ya maiki, mukalowetsa jeki amapita ku line. Wolumikiza XLR kuchokera ku mikisa mpaka XLR ya interface akukweza zokwera kale. Chofunika ndi chingwe chothera ndi jeki ya TRS, ya mizere iwiri yakuda kunsonga. Batani la INST likhale lozimitsa, ndi la gitala limenelo. La 48V nalo lozimitsa. Magetsi amenewo ndi odyetsa maiki ya condenser, ndipo akabwerera pa XLR kukalowa ku Main Out, mikisa ina saiona bwino.

Pali mnyamata wina wa ku Chibavi amene mpaka pano sachoka m'mutu mwanga. Agogo ake aakazi anabwera kuchokera ku Rumphi kudzalandira mankhwala, ndipo anakhala nawo miyezi itatu. Anali ndi nyimbo zakale za Chitumbuka m'mutu, za pamtondo, za paukwati, zina zoti ngakhale mayi ake a mnyamatayo sankazidziwa. Iye anaganiza bwino kwambiri, anati awajambule. Madzulo alionse ankaitana amayi awiri apafupi kuti azivomera, n'kuika maiki atatu pa mikisa yobwereka, kenako XLR mpaka mu interface.

Tsiku loyamba lomwe anamva kuti agogo akakweza mawu pakumveka kuthetheka ngati nsomba ili m'mafuta. Mphete yozungulira batani la gain, lokwezera mawu olowa, inkafiira, kusonyeza kuti mawu apyola muyezo. Anafunsa "katswiri" wina wa kudera kwawo, amene anamuuza kuti asadandaule, zimenezo zimakonzedwa pa mixing, atsitse voliyumu mu kompyuta basi. Anatsitsa. Kuthethekako kunangomveka chapansipansi, iye n'kumati zatheka. Anajambula choncho mpaka agogo anabwerera kumudzi, ndipo kwa ine anafika ndi fulashi patatha mwezi chiikireni maliro awo.

"Achimwene, mungoyeretsako pang'ono."

Nditatsegula ndinaona mafunde a mawu ali ometedwa pamwamba ndi pansi ngati mpanda wa maluwa. Zimenezi timati clipping: preamp yafika pomwe singapitirire, nsonga za mawu zadulidwa, ndipo zodulidwazo sizinalowe n'komwe mu kompyuta. Kutsitsa voliyumu pambuyo pake n'kungochepetsa kukula kwa chinthu chosweka kale. Alipo mapulogalamu oyesa kulosera nsonga zotayikazo, ndipo ndinakhala nawo usiku ungapo. Nyimbo zofatsa zinamvekako. Koma pamene agogo ankatulutsa mawu onse, pamene panali kukoma kwenikweni kwa nyimbozo, panatsala kukhadzula kokhakokha. Chimene chimandiwawa n'chakuti chingwe choyenera chinali m'chikwama chomwe anabwerekera mikisacho. Akanandiimbira tsiku loyamba lija, inali ntchito ya mphindi ziwiri. Mukamajambula, mawu okwera kwambiri azithera cha pa -12 dB pa mita yoyezera mawu mu pulogalamu, akapitirira asadutse -6. Mukasankha kujambula pa 24-bit mu pulogalamu simutaya kanthu posiya mpata umenewo.

Za mikisa ya kutchalitchi ndinene mokweza. Yambiri mwa imeneyi ili ndi ampulifaya mkati, ndipo kumbuyo kuli mabowo olembedwa Speaker Out, ena mwa iwo a jeki yofanana ndendende ndi imene mwazolowera. Ampulifaya yopereka mawati 300 ku sipika ya 8 ohms imakankha mavolti pafupifupi 49. Interface yanu ikuyembekezera volti imodzi kapena pang'ono kuposa apo. Ena amabwera nayo ikununkhabe kupserera n'kumati "inangosiya yokha". Pa mikisa yotere funani polembedwa Main Out, Rec Out kapena Tape Out. Polembedwa Speaker musayandikepo.

Kulira kwa tswii kumene kumabwera mukangotsegula track yojambulira n'kosavuta. Mwabweza mawu a interface pa channel ya mikisa kuti muzimva biti, mikisayo n'kuwatumizanso ku interface kudzera pa Main Out, ndiye akungozungulira. Abwezereni pa 2-Track In n'kuwatumiza ku mahedifoni ndi Control Room kokha, osati ku Main Mix. Kapena masipika ndi mahedifoni zingokhala pa interface. Mawu akamachedwa m'makutu, yatsani Direct Monitor.

Chimene chimandikwiyitsa kwenikweni ndi cha kung'ung'uza. Mwalumikiza zonse bwino, koma m'masipika muli mmmm wosalekeza. Kawirikawiri amenewo ndi magetsi athu a 50 Hz olowa m'mawu chifukwa laputopu ili pa soketi iyi, mikisa pa soketi ya chipinda china, masipika pa ekisitenshoni yachitatu. Ndiye pamabwera uja woyenda ndi pulayala m'thumba. Amatsegula pulagi ya mikisa, n'kudula waya wa earth wopita ku dzino lalitali lija. Nthawi zina phokoso limathadi, inu n'kumupatsa ya sopo, n'kumuuza mnzanu kuti mwapeza dolo.

Waya ameneyo ndi amene amatenga magetsi a 230 volts kupita nawo pansi chinachake chikalakwika mkati mwa mikisa. Akachoka, njira yotsala ndi chitsulo cha mikisa, chingwe cha maiki, ndi milomo ya woimba. Ndi chinyezi cha Mzuzu chino, munthu ataima wopanda nsapato pa simenti yozizira ya mu Juni, ine sindifuna n'komwe kuganiza. Ndaonapo atsikana a kwaya akuseka kuti maiki ikuluma, n'kuikulunga ndi mpango kuti apitirize kuimba. Kumeneko si koseka.

Kung'ung'uza kumathetsedwa motere. Zipangizo zonse za situdiyo zidye pa soketi imodzi kudzera pa ekisitenshoni yabwino ya mano atatu. Zingwe zikhale za TRS kapena XLR, zazifupi, zosagona pamodzi ndi za magetsi. Zulani chaja ya laputopu mumve ngati phokoso latha. Likatha, wolakwa ndi chajayo. Likakanika, pali kabokosi kotchedwa DI box kokhala ndi batani la ground lift, limene limadula earth ya chingwe cha mawu chokha, ya magetsi n'kuisiya ili chilili.

Ndipo ngati maiki yayamba kale kukugwirani nyesi, musadikire kuti nyimbo ithe kapena mwezi uthe. Zimitsani pakhoma, itanani wamagetsi wokhala ndi chiphaso cha MERA adzayeze earth ya nyumbayo, chifukwa m'nyumba zambiri za lendi zimene ndalowamo soketi ili ndi mabowo atatu koma mawaya kumbuyo kwake ndi awiri.