Walumidwa ndi galu? Musadikire kuti muone ngati galuyo apenge

Makolo ndi nonse osunga ana, tamverani.

Masiku ano anthu ambiri obwera kudzationetsa bala la galu akumafika mochedwa. Tikafunsa chimene chawachedwetsa, yankho likumakhala lomwelomwelo: "Timafuna tione kaye ngati galuyo ali ndi chiwewe." Ena akumati, "Kanali kabala kakang'ono, kapola kale." Kwamvekanso mphekesera yoti galu wapakhomo, amene mwamulera nokha, sangapatse munthu chiwewe. Mawu atatu amenewa ndi amene andilembetsa uthenga uno. Zina zonse zimene ndalemba m'munsimu mungaziiwale, koma ichi chokha musaiwale: munthu akalumidwa kapena kukandidwa ndi galu, bala litsukidwe ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, ndipo afike kuchipatala tsiku lomwelo. Osati mawa. Osati bala likatupa. Tsiku lomwelo.

Chimene chimayambitsa chiwewe ndinena mwachidule, poti ambiri munachimva kale. Ndi kachilombo kokhala m'malovu a nyama yodwala. Kamalowa m'thupi pamene khungu labooka ndi dzino kapena chikhadabo, ngakhalenso nyamayo ikanyambita pachilonda, m'maso, m'mphuno kapena m'kamwa. Nyama iliyonse yoyamwitsa itha kudwala chiwewe: mphaka, nkhandwe, mleme, ng'ombe, mbuzi. Komabe mwa anthu 100 alionse odwala matendawa, pafupifupi 99 amawatenga kwa galu. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati chiwewe chimapha anthu pafupifupi 59,000 chaka chilichonse, ochuluka zedi a ku Africa ndi ku Asia, ndipo mwa anthu 10 alionse amene amafa, 4 ndi ana osakwana zaka 15.

Tsopano tifike pa nkhani ya kabala kamene kapola kale.

Kachilombo ka chiwewe sikayenda ndi magazi ngati tizilombo ta malungo. Kakalowa, kamayamba kakhala phee mumnofu pamalo pamene panalumidwapo. Kenako kamalowa m'mitsempha ija imanyamula uthenga kupita nawo ku ubongo, n'kumakwera pang'onopang'ono. Pa ulendo wonsewu munthu samva kanthu. Khungu limatseka, nkhanambo imagwa, mwana amabwerera kusukulu n'kumasewera ndi anzake, pakhomo ponse nkhani ya galu ija n'kuiwalika. Kawirikawiri pamapita miyezi 2 kapena 3 zizindikiro zisanaoneke. Kwa ena sabata imodzi yokha, makamaka akalumidwa kumaso, m'khosi kapena m'zala, ndipo kwa ena chimatha chaka. Choncho kupola kwa bala sikutiuza chilichonse za kachilombo kamene kali mkati. Bala lapola kunja, ulendo wopita ku ubongo ukupitirira.

Katemera amene timabaya munthu wolumidwa amachita mpikisano ndi kachilomboka. Thupi limafuna masiku angapo kuti lipange chitetezo, ndipo chitetezocho chiyenera kukhwima kachilombo kasanafike ku ubongo. Chikafika msanga, munthu sadwala n'komwe, ndipo anthu ambirimbiri amapulumuka motero chaka ndi chaka. Koma kachilombo kakafika kaye, zizindikiro n'kuyamba, palibe jakisoni, palibe mapiritsi, palibe chipatala chachikulu chimene chingabweze munthuyo. Pafupifupi aliyense amene wayamba kuonetsa zizindikiro za chiwewe amamwalira, ndipo nthawi zambiri pamangopita masiku ochepa. Matenda ambiri amatipatsa mpata woti tidwale kaye kenako tikalandire mankhwala. Chiwewe sichitero. Mankhwala ake amalandira munthu ali bwinobwino, akuyenda yekha, akuseka.

N'chifukwa chake mawu oti "tione kaye" amandiwawa mumtima. Akuluakulu anati ndionetsetse anathetsa nkhosa. Muone chiyani? Galu yemwe ali ndi kachilombo amatha kuyamba kukatulutsa m'malovu masiku angapo asanayambe kuoneka kuti wadwala. Amadya, amagwedeza mchira, amabwera mukamuitana. Komanso si galu aliyense wachiwewe amene amathamangathamanga akuchucha dovu. Ena amangofooka, nsagwada n'kulendewera, kumabisala pamdima, mpaka mwini wake amaganiza kuti fupa lamutsamwitsa n'kupisa dzanja m'kamwa kuti alichotse. Musayerekeze kuchita zimenezo. Tiana ta agalu natonso timakhala ndi chiwewe, ndipo ndi tomwe ana amakonda kunyamula ndi kupsompsona.

N'zoona kuti galu woluma munthu amayenera kumangidwa ndi kuyang'aniridwa kwa masiku 10. Ambiri munamva zimenezi kwa alangizi a ziweto, ndipo pamenepa ndi pomwe ena amasokonezekera. Masiku 10 amenewa ndi a galu, si a munthu ayi. Munthu amayamba katemera tsiku lomwe walumidwa. Galu akatha masiku 10 ali wathanzi, achipatala ndi amene angaone ngati n'koyenera kusiya jakisoni wotsala. Koma mukakhala pakhomo masiku 10 onsewo mukuyang'ana galu, ndiye galuyo n'kufa pa tsiku la 8, mwataya sabata yathunthu imene thupi likanakhala likumanga chitetezo. Nanga ngati galuyo anali wongodutsa, simukudziwa mwini wake, kapena anthu amupha kale, mudikira kuona chiyani?

Za galu wapakhomo, funso n'limodzi: anabayidwa liti katemera, ndipo chikalata chake chili kuti? Galu wanu amayenda usiku inu muli mtulo, amalumana ndi agalu ena amene simunawaonepo. Kumudziwa dzina sikumuteteza. Ngakhale chikalata chilipo, bwerani nacho kuchipatala tidzaonere limodzi. Musagamule nokha pakhomo.

Zochita munthu akangolumidwa

Thamangirani madzi ndi sopo. Sopo aliyense amene ali pafupi, wosambira kapena wochapira. Tsukani bala mothira madzi ambiri kwa mphindi 15, ndipo muyang'ane nthawi pa foni kapena pa wotchi, chifukwa mwana akamalira mphindi 2 zimaoneka ngati ola. Sopo amaononga kachilomboka, madzi n'kukokolola malovu otsala. Kutsuka kokhaku kumachepetsa kwambiri ngozi, koma sikulowa m'malo mwa katemera. Ngati muli ndi mankhwala opaka pachilonda a ayodini kapena sipiriti, pakani mukamaliza kutsuka. Musathirepo dothi, phulusa, zitsamba, mafuta kapena china chilichonse, ndipo musamange bala mothinitsa. Kuchipatala nakonso nthawi zambiri sitisoka bala la galu nthawi yomweyo, choncho musadabwe kapena kuganiza kuti takunyalanyazani.

Mukafika, fotokozani zonse: nyama yanji, yaluma liti, pati, ili kuti tsopano, komanso ngati yaluma anthu ena kapena ziweto. Ngati munangoigwira nyamayo, kuidyetsa, kapena inanyambita pakhungu lopanda chilonda, kusamba n'kokwanira. Koma ngati yakanda, ngakhale magazi asanatuluke, pamafunika katemera. Dzino likaboola khungu, kapena malovu akalowa pachilonda kapena m'maso, kapena mwakhudzana ndi mleme, ngozi ndi yaikulu, ndipo kuwonjezera pa katemera pali mankhwala ena otchedwa immunoglobulin amene amabayidwa pabala penipenipo kuti agwire kachilombo pamene thupi likudikira chitetezo chake. Mankhwala amenewa amaperekedwa pasanathe masiku 7 chibayireni katemera woyamba, chimene ndi chifukwa chinanso chosazengerezera. Mwina mudzalandiranso jakisoni wa kafumbata ndi mankhwala oletsa bala kuchita mafinya.

Achikulire ena amakumbukira katemera wakale, uja ankabaya pamimba tsiku ndi tsiku kwa masabata awiri kapena atatu, ndipo amaopseza naye ana mpaka lero. Katemera amene WHO imavomereza masiku ano si ameneyo. Amabayidwa pamkono, kapena pantchafu kwa ana aang'ono. Njira ina ndi yobwera katatu: tsiku loyamba, pakatha masiku 3, ndi pakatha masiku 7. Njira ina imawonjezera ulendo wachinayi pakati pa masiku 14 ndi 28. Achipatala adzakulemberani masiku ake. Malizani onse. Jakisoni mmodzi sakwanira, ndipo tikuona anthu akubwera koyamba, n'kusowa, ati poti bala lauma. Tabwereranso pomwe paja: kuuma kwa bala si kuchira. Mayi woyembekezera, mayi woyamwitsa, khanda, nkhalamba, munthu amene ali ndi HIV, onsewa amalandira katemerayu. Palibe amene amaletsedwa, chifukwa palibe vuto la katemera limene lingafanane ndi chiwewe.

Mukapeza kuti katemera watha pachipatala chimene mwafikira, musabwerere kunyumba kukadikira. Pemphani kalata yokutumizani kwina, funsani kumene katemera alipo, ndipo ngati n'kotheka aimbe foni mudziwe musananyamuke. Mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu athanso kukuthandizani kufufuza. Ndikudziwa kuti ulendo umadya ndalama ndipo ntchito imaima. Abale ndi anansi, apa ndi pothandizana. Ndalama ya ulendo imabwezeka.

Katemerayu si wa dzulo. Mu Julayi 1885, mayi wina anatenga mwana wake wa zaka 9, Joseph Meister, yemwe galu anamuluma malo ambiri, n'kupita naye ku Paris, ku France, kwa Louis Pasteur, wasayansi amene anapanga katemera wa chiwewe, patangopita masiku awiri chilumidwireni. Nthawi imeneyo katemera anali adakali woyeserera pa nyama. Mwanayo anabayidwa, sanadwale, ndipo anakula mpaka kukhala bambo. Ine pa nkhaniyi ndimaganizira kwambiri za mayiyo kuposa Pasteur. Analibe chitsimikizo chilichonse choti mankhwalawo agwira ntchito, koma sanakhale pansi kuti aone kaye. Tsiku limene Pasteur anamwalira, 28 Sepitembala, ndi limene dziko lonse lapansi limakumbukira za chiwewe chaka chilichonse.

Mawu apadera okhudza ana. Mwana akakandidwa ndi galu kawirikawiri amabisa, makamaka ngati munamuletsa kusewera naye, chifukwa amaopa kukalipiridwa kapena kukwapulidwa. Ena amaopa kuti galu wawo aphedwa. Mwana ndi wamfupi, choncho galu amamufikira kumaso ndi m'khosi, pafupi ndi ubongo. Auzeni ana anu lero kuti akanena za galu sadzamenyedwa, ndipo akanenadi musawamenye. Powasambitsa yang'anani miyendo, manja ndi m'mutu. Aphunzitseni kusaputa galu amene akudya, wagona kapena akuyamwitsa, ndiponso kuti galu wachilendo akawayandikira aime chilili, asathawe akukuwa. Aphunzitsi, mwana akakuuzani kuti walumidwa panjira, mutsukeni pomwepo ndi kuitana makolo. Musadikire nthawi yoweruka.

Zizindikiro ndizitchula kuti muzidziwe, osati kuti muzizidikira. Zimayamba ndi kutentha thupi, mutu, ndi kuyabwa, kuwotcha kapena dzanzi pamalo pamene panalumidwa kale. Kenako munthu amasowa mtendere, amasokonezeka, amachucha malovu, ndipo akafuna kumwa madzi pakhosi pamakokana mopweteka mpaka amaopa ngakhale kuwaona. Kamphepo kakamuomba kumaso amadzidzimuka. Kwa ena ziwalo zimangofa pang'onopang'ono kuyambira pamene panali bala. Poti pamakhala patapita miyezi, achibale ambiri sakumbukiranso za galu, ndipo amayamba kulozana zala kuti wina wamuchita chipongwe. Munthu wotere apite naye kuchipatala, kumene angamuchepetsere ululu ndi mantha. Musamuthawe kapena kumutsekera yekha. Omusamalira avale magolovesi, apewe malovu ake, ndipo auze achipatala za aliyense amene analumidwa ndi galu yemweyo, chifukwa amenewo angathe kupulumuka.

Kwa eni agalu: gwero la vutoli lili kwa inu, ndipo mankhwala ake otsika mtengo ali komweko. Akatswiri anapeza kuti agalu 70 mwa 100 alionse a m'dera akamabayidwa katemera, chiwewe chimasiya kuyenda pakati pawo. Dziko la Mexico linalimbikira kubaya agalu chaka ndi chaka, ndipo mu 2019 WHO inatsimikiza kuti kumeneko chiwewe chochokera kwa agalu si vutonso kwa anthu. Mayiko anagwirizana zoti pofika 2030 pasapezekenso munthu wofa ndi chiwewe cha galu. Mukamva kuti alangizi a ziweto akubaya agalu, pitani nawo onse, ndi amphaka omwe, ndipo sungani chikalata. Galu akasintha khalidwe mwadzidzidzi, mutsekereni patali ndi anthu n'kuitana alangiziwo. Akafa kapena akaphedwa musamugwire ndi manja opanda kanthu, ndipo musafulumire kumutaya, chifukwa mutu wake ndi umene amayeza kuti adziwe ngati chinali chiwewe. Chiweto chimene chafa chitalumidwa ndi galu wokayikitsa musachisende.

Pali ena amene mukuwerenga uthenga uno mukukumbukira kuti mwezi watha, kapena miyezi itatu yapitayo, galu anakulumani inu kapena mwana wanu, ndipo simunapite kulikonse. Musachite manyazi, ndipo musaganize kuti nthawi yatha. Malinga ngati zizindikiro sizinayambe, katemera amaperekedwabe ngakhale papita masabata kapena miyezi. Sitikukalipirani. Tengani buku la kuchipatala, mutengenso mwanayo, mubwere lero.