Musanafufute Windows, yesani kaye Linux pa fulashi

Pa 14 Okutobala 2025, kampani ya Microsoft inasiya kusamalira Windows 10 monga inkachitira kale. Windows 11 nayo ndi yosankha makina: imafuna kachipangizo ka chitetezo kotchedwa TPM 2.0 ndi purosesa yatsopanoko. Makompyuta ambiri a pa desiki omwe timawaona m'mashopu otayipira makalata pa boma la Mangochi, m'masukulu ndi m'malo ogona alendo m'mbali mwa nyanja ndi a Dell ndi HP akale, ndipo Windows 11 imawakana. Komatu makinawo akadali ndi mphamvu. Chofunika kusintha ndi pulogalamu yoyendetsa kompyutayo basi.

Linux ndi pulogalamu ina yoyendetsa kompyuta ngati Windows, koma ndi yaulere, ndipo aliyense ali ndi ufulu woiona m'kati, kuikonza ndi kuigawa. Anaiyamba ndi Linus Torvalds mu 1991. Ilipo mitundu yambiri, koma kwa wozolowera Windows, Linux Mint ndiyo yosavuta. Inamangidwa pa Ubuntu, dzina lomwe ndi umunthu wathu womwewu. Imafuna RAM ya 2 GB, ngakhale 4 GB ndiyo yabwino, malo a 20 GB pa disiki, ndi purosesa ya 64-bit. Ngati makina ndi ofooka, tengani mtundu wa Xfce, ndi wopepuka.

Choyamba koperani mafayilo anu onse pa disiki ina, ndipo tsegulani angapo muone ngati akopekadi. Kenaka tsitsani fayilo ya Mint, yomwe ndi pafupifupi 3 GB, choncho bando ya Airtel kapena TNM ikhale yokwanira. Pezani fulashi ya 8 GB yopanda kanthu, chifukwa zonse za m'menemo zifufutika. Musangoponyamo fayiloyo ngati nyimbo, siidzuka. Ilembeni ndi pulogalamu ya Rufus kapena balenaEtcher. Poyatsa kompyuta dinani F12 ngati ndi Dell, F9 ngati ndi HP, n'kusankha fulashiyo.

Apa ndi pamene ambiri amapupuluma. Mint imadzuka kuchokera pa fulashi osakhudza Windows yanu ngakhale pang'ono, ndiye musathamangire kudina Install. Lumikizani foni ndi chingwe muone ngati intaneti ikubwera. Mverani mawu. Koposa zonse, yesani pulinta, poti kwa wa shopu ndi pomwe pali nsima. Mapulinta ambiri a HP amangogwira okha. Canon LBP2900, yomwe ndi yofala m'mashopu athu, ndi yamakani: imafuna dalaivala (pulogalamu yolumikiza pulinta ndi kompyuta) yakeyake yotchedwa CAPT, ndipo kuiika kumafuna munthu wodziwa. Sikana yesaninso payokha, chifukwa pamakina ophatikiza, kusindikiza kumatha kugwira sikana n'kukana.

Tsegulaninso makalata anu akale mu LibreOffice, yomwe imabwera kale m'katimo. Imawerenga mafayilo a Word ndi Excel, koma nthawi zina CV ya masamba awiri imasefukira pa lachitatu. Vuto si fayilo ayi, ndi zilembo: Calibri kulibe. Ikani zilembo za Carlito, zomwe m'lifupi mwake ndi mofanana ndi Calibri, mizere ibwerera m'malo. Chomaliza tumizani kwa kasitomala ngati PDF. Koma ngati ndalama zanu zimachokera mu CorelDRAW kapena Photoshop, musadzinamize: sizipangidwira Linux. Inkscape ndi GIMP zimagwira ntchito yonga yomweyo, koma muyenera kuziphunzira mwatsopano.

Zonse zikayenda, sankhani pakati pa kufufuta disiki yonse ndi kuika Mint pambali pa Windows. Mukasankha pambali, zimitsani kaye Fast Startup (yodzutsa Windows mwachangu) ndi BitLocker (yokiya disiki) mu Windows, apo ayi Linux ikanika kugwiritsa ntchito bwino mbali ya Windows. Mint ikanena kuti sikuona disiki, kawirikawiri ndi chifukwa chakuti mu BIOS (menyu ya kompyuta yomwe mumalowamo poyatsa, Windows isanadzuke) kalumikizidwe ka disikiyo kaikidwa pa RST kapena RAID m'malo mwa AHCI. Samalani: kusintha pamenepo mosakonzekera kumalepheretsa Windows kudzuka.

Nthawi yoopsa ndi pamene disiki ikugawidwa. Magetsi a ESCOM akathima pomwepo, mutha kutaya Windows ndi mafayilo omwe, choncho ikani UPS (batire yosunga kompyuta ili yoyaka magetsi akathima) kapena gwiritsani ntchito sola yodalirika. Ndi kutentha kwa kuno, tsegulaninso bokosi la kompyuta muuzire fumbi pa fani musanayambe. Purosesa ikatentha kwambiri imazimitsa makina yokha.

Mukamaliza, lolani Update Manager itsitse zatsopano, ndipo yatsani Timeshift kuti china chikasokonekera mubwerere pomwe zinali bwino. Mavairasi a Windows aja obisa mafayilo pa fulashi za makasitomala sagwira ntchito mu Linux. Mafayilo obisikawo mumawaona, n'kufufuta kachilomboko pamanja musanabweze fulashi kwa mwini wake.