Aseniki ndi mphamvu yobereketsa ya ziweto zamphongo

Ng'ombe kapena mbuzi zikamalephera kutenga bere, alimi ambiri amafulumira kuloza chala zazikazizo. Koma vuto likhoza kukhala kwa nkhunzi kapena tonde, ndipo gwero lake lingakhale madzi amene akumwa.

Aseniki ndi chiphe chimene chimapezeka mwachilengedwe m'miyala ina ya pansi pa nthaka, n'kusungunukira m'madzi a m'zitsime ndi m'mijigo. Sanunkha, samveka pakamwa, ndipo madzi amaoneka oyera bwinobwino. Ku Bangladesh ndi ku West Bengal, m'dziko la India, anthu mamiliyoni ambiri akhala akumwa madzi otere. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati madzi akumwa a anthu asapitirire mamaikulogalamu 10 a aseniki pa lita imodzi (galamu imodzi ili ndi mamaikulogalamu miliyoni imodzi).

Ziweto zimathanso kudya chiphechi pafupi ndi migodi, pamalo a madibi akale amene ankathiramo mankhwala a aseniki ophera nkhupakupa, komanso m'phulusa la matabwa obiriwira aja onyikidwa m'mankhwala a CCA oletsa chiswe, amene amakhala ndi aseniki. Phulusali ndi loopsa kwambiri chifukwa ng'ombe zimalinyambita ngati mchere.

Zambiri zokhudza kubereka zinadziwika poyesa makoswe ndi mbewa. Zamphongo zomwe zinkamwa madzi a aseniki kwa milungu ingapo zinafota machende, mbewu za umuna zinachepa, zambiri mwa mbewuzo zinkayenda mofooka, zina zinapindika michira kapena kupunduka mitu. Chiphechi chimawononga maselo a m'machende opanga homoni yachimuna yotchedwa testosterone, komanso chimasokoneza mahomoni ochokera ku ubongo amene amalamula machende kugwira ntchito. Mbewu za umuna nazonso sizichedwa kuwonongeka chifukwa kakhungu kake ndi kosalimba.

Chosautsa n'chakuti nyama yoteroyo imatha kuoneka yathanzi, ikudya, mwinanso ikukwera zazikazi monga kale. Kuti mbewu za nkhunzi zikhwime pamatenga masiku pafupifupi 60, choncho vuto limaonekera mochedwa, ndipo ngakhale mutasintha madzi lero, musayembekezere kusintha mawa.

Nyama ikadya aseniki wambiri nthawi imodzi, nkhani imakhala ina: imatsekula m'mimba kwambiri, nthawi zina ndi magazi, imadzandira, ndipo ikhoza kufa pasanathe tsiku. Zikatero itanani dokotala wa ziweto nthawi yomweyo.

Zoyenera kuchita: yezetsani madzi ku labotale, makamaka ngati muli pafupi ndi mgodi. Musadalire kuwiritsa madzi. Aseniki sachoka, m'malo mwake amachuluka madzi akamaphwera. Tchingani madibi akale ndi mpanda. Musawotche matabwa onyikidwa m'mankhwala. Zazikazi zingapo zikabwerezabwereza kufuna nkhunzi, pemphani dokotala ayeze umuna wa nkhunziyo. Mkodzo ndi ubweya zimathanso kusonyeza ngati nyama yadya chiphechi. Ndipo ngati banja lanu limatunga pachitsime chomwecho, nanunso siyani kumwa madziwo mpaka zotsatira zituluke.