Ngozi za 2010 si ngozi za 2020, chonde

Ndatopa nazo izi. Munthu amatenga data ya ngozi za pamsewu ya zaka khumi, kuiunjika yonse pamodzi, kuiponya mu kompyuta, basi akuti wapeza chomwe chimavulaza madalaivala. Ayi abale, sizimayenda choncho.

Ife ntchito yathu ndi kuyeza kuti ngozi ikachitika, dalaivala atuluka bwinobwino, avulala pang'ono, avulala modetsa nkhawa kapena afa. Ku America apolisi amalemba ndi zilembo za KABCO, K ndi womwalira, O ndi wosavulala. Kenako model, masamu a pa kompyuta owerengera data ija, imaona kuti liwiro, mowa, lamba, mdima, msinkhu wa dalaivala, chilichonse chikukokera mbali iti. Vuto ndi loti mphamvu ya zinthu zimenezi imasintha chaka ndi chaka, Fred Mannering, katswiri wofufuza za ngozi za pamsewu, analemba nkhani imeneyi mu 2018 koma ena mpaka lero ngati sanamve. Kuyambira magalimoto a 2012 ku America konko lamulo linakakamiza kuika makina oletsa galimoto kuterereka, ndiye msewu wonyowa sungavulaze mofanana ndi kale. Nanga 2020? Covid itabwera ku America konko anthu anayenda pang'ono koma imfa za pamsewu zinakwera, misewu inali pululu anthu nkumaponda mafuta. Chaka chimenecho mukachisakaniza ndi 2019 mwadzinamiza nokha.

Pali lipoti lina limene limandiwawabe mumtima chifukwa ndinasainako ine. Tinaona ovulala modetsa nkhawa atsika mwadzidzidzi chaka china, tinasangalala, tinalemba kuti zomwe anakonza pamsewu womwe tinkafufuza zathandiza. Patapita miyezi ndinapeza mafomu awiri a apolisi, akale ndi atsopano, ndinawayala pa tebulo, kungoona bokosi limodzi thukuta linatuluka. Anali atasintha tanthauzo la kuvulala kwambiri. Anthu ankathyokabe miyendo chimodzimodzi, wapolisi ankangochonga bokosi lina. Chifukwa cha lipoti lathulo, ndalama zinali zitapita kale kwina.

Ndiye samalani ndi akatswiri ongodzitcha aja amene amalonjeza lipoti mu sabata imodzi, magirafu okongola mbwee. Afunseni ngati anagawa data chaka ndi chaka nkuyesa ngati zotsatira zikugwirizana, afunseni ngati fomu inasinthapo, komanso ngati akudziwa kuti ngozi zing'onozing'ono zambiri sizifika nkomwe kupolisi. Akayamba kukanda mutu musalipire. Ndipo mukalandira lipoti labwino musaliike mu kabati zaka zisanu, pofika nthawi imeneyo magalimoto ake, mafoni ali m'manja mwa madalaivala, zonse zidzakhala zina.