Musanalipire paking'i ku ma paki a ku UK, funsani kaye kuti malowo ndi a ndani

Abale anga amene muli kuno ku UK, makamaka inu mwangogula kumene galimoto ndipo mukufuna kukawaonetsa ana mapiri pa weekend, ntchito yanga ndi yoperekeza magulu okwera mapiri ndiye nkhani ya paking'iyi ndimakumana nayo daily, ndipo zimandiwawa kuona munthu wagwira ma shift a usiku sabata yonse kenako ndalama yake nkuthera pa faindi yoti akanaipewa.

Kwathu ukapita ku Liwonde kapena ku Majete pamakhala geti, umalipira wekha, umalipirira galimoto, basi walowa. Kuno kulibe geti. Ma national park alipo 15, ku England 10, ku Wales 3, ku Scotland 2, ndipo kulowa ndi ulele kuyambira pomwe Peak District inakhazikitsidwa mu 1951. Chomwe chimasokoneza anthu ndi chakuti malo ambiri mkati mwa paki si a boma ayi, muli mafamu a anthu, midzi, nkhalango, madamu, ndiye car park iliyonse ili ndi mwini wake wake. Ina ndi ya akuluakulu a pakiyo, ina ya National Trust (bungwe losamalira malo akale ndi zachilengedwe), ina ya khonsolo, ina ya Forestry England (osamalira nkhalango za boma), ina ya kampani ya madzi, ina ndi mlimi chabe watsegula munda wake nkuika kabokosi koponyamo ndalama pa geti. Mitengo yosiyana, malamulo osiyana, ndipo tikiti yomwe mwagula apa nthawi zambiri sigwira ntchito uko ngakhale muli m'paki imodzimodzi.

Ndiye chinthu choyamba mukamakonza ulendo, onani dzina la mwini car park. Ngati ndi ya National Trust ndipo ndinu membala, simulipira, mumangosikana khadi yanu pa mashini nkutenga tikiti yoika pa dashboard. Ku Peak District, Mam Nick pansi pa phiri la Mam Tor ndi yawo, Longshaw ndi yawo, ku Lake District kuli Aira Force, Tarn Hows, Seatoller ndi zina zambiri. Kodi umembalawo ndi wophula? Zitengera inuyo. Banja loyenda pafupipafupi ndalama yake imabwerera, koma ngati mumapita kamodzi pa chaka pa bank holiday musavutike nawo, ndipo musaiwale kuti khadi imeneyo sithandiza kanthu pa car park ya khonsolo kapena ya Forestry England, anthu ambiri amagwa pamenepa.

Koma kunena zoona ndalama yambiri sithera pa mashini, imathera pa faindi. Ya khonsolo ku England ndi ku Wales, kunja kwa London, imakhala £50 kapena £70, mukalipira pasanathe masiku 14 amadula theka. Ya makampani a private imafika £100, ndipo iwowa ambiri amagwiritsa ntchito makamera owerenga nambala puleti, kutanthauza kuti nthawi imayamba kuwerengedwa pomwe mwalowa osati pomwe mwalipira, palibe munthu woti mumupepese, kalata imangokupezani kunyumba. Mukalakwitsa chilembo chimodzi polemba nambala ya galimoto pa mashini, kwa kamera ndiye kuti simunalipire. Werengani kawiri musanadine. Komanso gulani maola okwanira, phiri ndi ana limatenga nthawi yoposa yomwe mapu akunena, bola kulipira tsiku lonse kusiyana ndi kutsika mothamanga pa miyala yonyowa chifukwa choopa tikiti, mwendo ungathyoke chifukwa cha mapaundi awiri.

Ku Eryri ku Wales, komwe ambiri timangoti Snowdonia, nkhani yake ndi yapadera. Aliyense amafuna kuyambira pa Pen-y-Pass pokwera Yr Wyddfa, phiri la mamita 1,085, koma nyengo ya anthu ambiri car park imeneyo imafuna kubukitsiratu pa intaneti ndipo ndi yodula zedi. Osayesa kusiya galimoto m'mphepete mwa msewu poganiza kuti poti ena apaka ndiye palibe vuto, kumeneko komanso ku chigwa cha Ogwen pa A5 apolisi amakoka magalimoto ndithu, ndipo ali ndi chifukwa, msewu ndi wopapatiza ambulansi ndi opulumutsa anthu m'phiri amalephera kudutsa. Siyani galimoto pa Nant Peris mukwere basi ya Sherpa'r Wyddfa, ikakutulani pa Pen-y-Pass pomwepo, ndipo ubwino wina mutha kukwerera njira ina nkutsikira ina mpaka ku Llanberis osadandaula kuti galimoto yatsala kumbuyo.

Kwa amene muli ku Manchester kapena Sheffield ine ndimati galimoto isiyeni pakhomo. Sitima ya Hope Valley imaima pa Edale, Hope, Bamford, Hathersage ndi Grindleford, mukatsika pa Edale ndiye kuti mwafika kale pansi pa phiri la Kinder Scout. Ku Lake District basi nambala 555 imadutsa Kendal, Windermere, Ambleside, Grasmere mpaka Keswick, ndipo kuyambira Januwale 2025 mabasi ambiri a ku England ulendo umodzi sadutsa £3. Ku Wales lamulo limeneli kulibe. Mukakhala anthu asanu galimoto imodzi imatchipabe, ndiye werengetsani, chachikulu musanyamuke magalimoto atatu gulu limodzi la tchalitchi pomwe awiri akanakwana.

Za ma app olipirira paking'i monga RingGo ndi PayByPhone, dawunilodani ndi kulembetsa galimoto muli kunyumba chifukwa m'zigwa zambiri netiweki kulibe, ndipo nthawi zina amaonjezerapo kandalama pang'ono pamwamba pa mtengo wa pa mashini. Tengani ma coins ndi khadi ya kubanki yomwe. Mukaona sitika ya QR code yomatidwa pa mashini musaisikane, akuba amamata zawo pamwamba kuti atenge manambala a khadi yanu, tsegulani app yeniyeniyo nkulemba nambala ya malo yomwe ili pa chikwangwani. Ndipo amene muli ndi Blue Badge (baji ya paking'i ya anthu aulumali) ya makolo kapena ya kasitomala amene mumamusamalira, werengani chikwangwani kaye, m'ma car park ambiri a mtunduwu baji imakupatsani malo apafupi koma kulipira mumalipirabe.