Akuti warfarin ndi mankhwala a makoswe: musasiye kumwa musanaonane ndi dokotala

Uthengawu ukupita kwa inu amene mumamwa warfarin, mankhwala oletsa magazi kuundana m'mitsempha, komanso kwa achibale amene mumasamalira odwala. Ena akangomva kuti warfarin ndi poizoni wa makoswe amataya mapiritsi. Chonde musatero. Munthu akasiya kumwa, pakangotha masiku anayi kapena asanu mphamvu ya mankhwala imatha m'thupi, ndipo magazi angayambenso kuundana m'mitsempha. Magazi oundanawo akakafika m'mapapo munthu amabanika, ndipo angathe kufa mwadzidzidzi. Akakafika mu ubongo, ndi sitiroko.

Mphekeserayi ili ndi pochokera. M'zaka za m'ma 1920, ng'ombe za ku Canada ndi kumpoto kwa America zinkafa ndi kutaya magazi zikadya udzu wa sweet clover wochita nkhungu. Mu 1933 mlimi wina anafika kwa Karl Paul Link, katswiri wa sayansi pa yunivesite ya Wisconsin, atanyamula ng'ombe yakufa ndi chigubu cha magazi osaundana. Link ndi ophunzira ake anafufuza zaka zambiri, ndipo pofika 1940 anadziwa chimene chinkapha ng'ombezo, n'kuchitcha dicoumarol. Pa maziko amenewa anapanga warfarin, yemwe anayamba kugulitsidwa mu 1948 ngati wophera makoswe. Mu 1954 analoledwa kuperekedwa kwa anthu, ndipo mu 1955 Pulezidenti wa America, Eisenhower, anapatsidwa mankhwalawa atadwala mtima.

Kusiyana kuli pa mlingo. Chiwindi chimafuna vitamini K kuti chipange zinthu zinayi zoundanitsa magazi, ndipo warfarin amachepetsa ntchito ya vitamini ameneyu. Khoswe amadya mopanda malire mpaka kutaya magazi m'kati. Inu mumapatsidwa mlingo woyezedwa, ndipo achipatala amautsatira poyeza magazi, kuyeza kotchedwa INR. Kwa odwala ambiri INR iyenera kukhala pakati pa 2 ndi 3. Ena amene anaikidwa valavu yachitsulo mumtima (kachitseko kowongolera kayendedwe ka magazi) amafunika 2.5 mpaka 3.5. Ikatsika, magazi aundana. Ikakwera kwambiri, mutaya magazi, koma pamenepo chipatala chili ndi chobwezera, chomwe ndi vitamini K yemweyo. N'chifukwa chake tsiku loyezetsa INR si lojomba.

Amene magazi anaundana m'mwendo amamwa miyezi yosachepera itatu. Wa valavu yachitsulo amamwa moyo wake wonse. Mwendo kuphwa kapena kupeza bwino sikutanthauza kuti mwamaliza. Woimitsa mankhwala ndi dokotala, osati mnansi kapena uthenga wa pa WhatsApp.

Imwani nthawi yofanana tsiku lililonse. Mukaiwala n'kukumbukira tsiku lomwelo, imwani. Mukakumbukira mawa lake, musaphatikize awiri.

Ngozi yeniyeni ili pa kusakaniza mankhwala. Bactrim ndi Flagyl amakweza mphamvu ya warfarin. Rifampicin, amene ali m'mankhwala a TB, amaitsitsa kwambiri. Ma ARV ena amaisinthanso. Aspirin, brufen ndi diclofenac za m'golosale zimatulutsa magazi m'mimba, choncho pa ululu funsani za panado. Pewani mowa wambiri ndi mankhwala azitsamba. Kulikonse kumene mwapita, ngakhale kokazula dzino, nenani msanga kuti mumamwa warfarin. Ndiwo zamasamba monga bonongwe, nkhwani, mpiru ndi repu zili ndi vitamini K wochuluka. Musazisiye, koma muzidya mofanana sabata ndi sabata, osati lero mbale yodzaza kenako milungu iwiri osalawa.

Amayi, warfarin amavulaza mwana m'mimba, makamaka miyezi itatu yoyambirira. Mukaphonya msambo pitani kuchipatala tsiku lomwelo kuti akaone zokusinthirani mankhwala, nthawi zambiri jakisoni wa heparin, yemwenso amaletsa magazi kuundana. Ngakhale pamenepa, musangosiya n'kukhala pakhomo.

Thamangirani kuchipatala ngati kamfuno sakuleka patatha mphindi 10 mutatsina mphuno, mkodzo wafiira, chimbudzi chada ngati phula, mukusanza magazi, mwagwa n'kumenyetsa mutu, kapena mutu ukuwawa modzidzimutsa. Chimodzimodzi ngati mwendo umodzi watupa, kutentha ndi kuwawa, mukubanika, kapena pakamwa papotoka. Mwendo wotupawo musausisite ndipo musatemepo mphini.

Ngati munasiya kale chifukwa cha mantha, musayambirenso panokha ndipo musachite manyazi. Tengani mapiritsi otsala ndi buku lanu la kuchipatala, mukanene tsiku limene munasiya, akuyezeni INR lero lomwe.