Mantha amene anayamba ndi sitima za mu 1931

Ku Los Angeles kapena ku Houston mupeza mayi wolankhula Chisipanishi amene amayala mabedi mu hotela tsiku lonse, malipiro osakwanira lendi. Mwana wake anabadwira ku America, ndi nzika, ndipo ali ndi ufulu wolandira thandizo la chakudya la SNAP komanso la kuchipatala la Medicaid. Koma fomu ili pathebulo, yosadzaza. Chingerezi chimavuta, mapepala ndi ambiri, ntchito sipereka mpata wokaima pamzere. Zonsezo n'zoona. Chachikulu n'chakuti mayiyo amaopa mawu awiri, carga pública, kutanthauza munthu wolemetsa boma.

Lamulo lokaniza anthu otere kulowa m'dzikolo linakhazikitsidwa mu 1882. Koma bala lenileni ndi la m'ma 1930, chuma cha America chitagwa. Mu Febuluwale 1931 akuluakulu oona za olowa m'dziko anazinga bwalo la La Placita ku Los Angeles dzuwa likuswa mtengo, n'kuyamba kufunsa mapepala anthu pafupifupi 400, ambiri a iwo ochokera ku Mexico. Chaka chomwecho boma la Los Angeles County linayamba kulipirira sitima zopita ku Mexico, ndipo ambiri okwera anali mabanja olembedwa m'kaundula wa olandira thandizo. Unkapita kukapempha chakudya, ankakupatsa tikiti. M'zaka zimenezo anthu masauzande mazanamazana anachoka m'dziko lonselo, ambiri mwa iwo ana obadwira ku America konko. Boma la California, kumene kuli Los Angeles, linapepesa mu 2005, patatha zaka zoposa 70. Ine sindingamunene wamantha munthu amene anakula akumva nkhani imeneyi.

Mu 1996 Bill Clinton anasaina lamulo lakuti ngakhale wokhala ndi green card, chilolezo chokhazikika m'dzikolo, adikire zaka 5 asanalandire mathandizo ambiri. Kenako mu 2019 boma la Donald Trump linati kulandira SNAP, Medicaid kapena thandizo la nyumba kungalepheretse munthu kupeza green card. Mphekesera zinathamanga kuposa lamulo. Bungwe la Urban Institute linapeza kuti mu 2018, lamuloli lisanayambe n'komwe kugwira ntchito, wamkulu mmodzi mwa 7 alionse m'mabanja a obwera anapewa thandizo.

Chondiwawa kwambiri ndi WIC, thandizo la mkaka ndi zakudya la amayi apakati ndi ana aang'ono. Lamulo la 2019 silinaikhudze konse, ngakhalenso thandizo limene amalandira mwana amene ndi nzika. Komabe amayi ena anakadzifufutitsa okha m'kaundula, makanda ali m'manja.